ChipChecker inandithandiza motani kupeza hatchi imene ndinagulitsa kalekale

Ndinagulitsa hatchi yanga yaikazi zaka 9 zapitazo, pamene ntchito inandichotsa kumudzi wina wa kumpoto kwa England n'kundipititsa mumzinda wa Leeds, kumene sindikanakwanitsa kulipirira khola ndi msipu. Inali yofiirira, ya banga loyera pamphumi, ndipo inkakonda kutsamiritsa mutu paphewa langa ndikamaipesa m'mawa. Bambo amene anaigula ankanditumizira zithunzi kwa chaka chimodzi, kenako nambala yawo ya foni inasiya kugwira. Kuyambira pamenepo mtima sunakhale m'malo, chifukwa sindinkadziwa ngati chiweto chimene ndinachisamala ngati mwana chili moyo.

Chaka chino ndinayesa ChipChecker, tsamba laulere la pa intaneti limene limayendetsedwa ndi kampani yotchedwa Equine Register. Tsambali limatenga zonse m'kaundula wa boma wotchedwa Central Equine Database, amene anayamba kugwira ntchito mu 2018. Kaundula wakale anatsekedwa mu 2012, ndipo chaka chotsatira kunabuka nkhani yaikulu pamene nyama ya hatchi inapezeka m'zakudya zimene zinkagulitsidwa m'masitolo ngati nyama ya ng'ombe. Mbiri imeneyi ndi yofunika kuidziwa musanayambe kufufuza, chifukwa kaundulayu anakhazikitsidwa pofuna kuteteza chakudya cha anthu, kulondola matenda ndi kuthana ndi umbava, osati kulumikiza eni ake akale ndi ziweto zawo. Amene angapiteko akuyembekeza kupeza dzina ndi keyala ya mwini watsopano abwerako chimanjamanja.

Ku Britain hatchi iliyonse imayenera kukhala ndi pasipoti yake, chikalata cholembedwamo maonekedwe ake ndi dzina la mwini wake. Kuyambira mu July 2009, hatchi iliyonse yongobadwa kumene imaikidwa kachipangizo kotchedwa microchip, kakang'ono ngati njere ya mpunga, kamene dokotala wa ziweto amakabaya kumanzere kwa khosi, ndipo kuyambira mu October 2020 lamuloli linakhudzanso mahatchi onse a ku England amene anabadwa July 2009 asanafike. Kachipangizoka kali ndi nambala ya manambala 15, ndipo popanda nambala imeneyo ntchito imakula kwambiri. Ine ndinaipeza papepala lakale la katemera limene linali litapindika m'bokosi la nsapato pamodzi ndi malisiti a udzu wouma. Ndikulangiza aliyense amene akugulitsa hatchi kuti ajambule masamba a pasipoti asanaipereke kwa wogula.

Nditalemba nambalayo, yankho linabwera nthawi yomweyo. Linaonetsa mtundu wa ubweya wake, kuti ndi yaikazi, bungwe limene linapereka pasipoti yake, komanso kuti siyololedwa kuphedwa kuti ikhale chakudya cha anthu. Mzere wotsirizawu ndinauwerenga katatu, manja akunjenjemera, pakuti ndi umene unkandisowetsa tulo zaka zonsezi. Pambali imeneyi ndilibe dandaulo lililonse: tsambalo ndi losavuta, limatseguka bwino ngakhale pafoni, ndipo silinandifunse ndalama.

Ulendo wautali unayamba pamene ndinalembera bungwe limene linapereka pasipotiyo. Mabungwe otere alipo ambiri, ena ndi a mtundu umodzi wokha wa mahatchi, ndipo lililonse lili ndi kachitidwe kake. Limene ine ndinalilembera linachedwa kuyankha, moti ndinatumiza uthenga katatu ndipo ndinadikira milungu isanu ndisanamve kanthu, zimene ndikuona kuti n'zosayenera kwa munthu amene akungofunsa funso limodzi. Mayi amene anandiyankha pamapeto pake anandifotokozera mwaulemu kuti lamulo loteteza zinsinsi za anthu silimawalola kuulula dzina la mwini hatchi, koma anavomera kutumiza kalata yanga kwa munthu amene analembedwa m'kaundula wawo. Poyamba zinandiwawa, koma nditaganiza mofatsa ndinaona kuti akuchita bwino, chifukwa si onse ofufuza hatchi amene ali ndi cholinga chabwino, ndipo munthu amene anagula chiweto moona mtima ali ndi ufulu wokana kulankhula ndi mlendo.

Chofooka chachikulu cha njira yonseyi chili kwa ogula. Lamulo limati wogula asinthe dzina la mwini papasipoti pasanathe masiku 30, koma ambiri amanyalanyaza, ndipo kaundula sangadziwe zimene sanauzidwe. Kalata yanga inafika kwa mayi amene anagula hatchiyo kwa bambo aja, koma iwonso anali ataigulitsa kale kwa banja lina limene linali lisanasinthe dzina. Zikanathera pomwepo mayiwo akanapanda kukhala achifundo, pakuti anasunga nambala ya banjalo ndipo anawatumizira okha kalata yangayo. M'kalatamo ndinanena poyera kuti sindikufuna kuigulanso kapena kuwavutitsa, ndinaikamo chithunzi chakale, ndiponso ndinatchula kuti phazi lake lakumbuyo limafuna kusamalidwa nthawi ya mvula. Ndikukhulupirira kuti mawu amenewo ndiwo anawamasula.

Choncho ChipChecker ndikuiyamikira ngati poyambira, osati ngati pothera, ndipo amene akuigwiritsa ntchito akonzekere kudikira miyezi ndithu. Kwa ine panapita miyezi inayi kuti uthenga ufike. Unabwera Lamlungu madzulo, uli ndi chithunzi cha hatchi yokalamba, imvi zitamera kuzungulira maso, banga loyera lija lili pomwepo, itaima m'munda wa ku Wales ndi mtsikana wamng'ono amene ankaipesa. Banjalo lasintha tsopano dzina papasipoti, ndipo landiitana kuti ndikaione mwezi wamawa.