Kasitolo ka makompyuta ka pa Nchalo ndi ulendo wanga wa maphunziro a kunja

Ambiri a ife kuno kuchigwa cha Shire timaganiza kuti chilichonse chokhudza maphunziro a kunja n'chofunika kukwerera zitunda za Thabwa kupita ku Blantyre, koma ine ntchito yaikulu yofunsira thandizo la Chevening ndinaigwirira m'kasitolo kena ka makompyuta pa Nchalo, m'mbali mwa msewu wa M1. Ndinayamba kupitako bambo anga atangomwalira kumene, mwambo wa kumeta utangochitika, pamene udindo wa azing'ono anga ndi mayi unali utagwera pa ine monga mwana woyamba.

Chevening ndi thandizo la boma la Britain limene linayamba mu 1983, ndipo limalipirira digiri yachiwiri ya chaka chimodzi, ulendo wa pandege ndi ndalama zodyera mwezi uliwonse. Wofunsira amayenera kukhala atagwira ntchito maola osachepera 2,800, amasankha maphunziro atatu, ndipo amalonjeza kudzabwerera kwawo kwa zaka ziwiri akamaliza. Zonsezi zimachitikira pa intaneti, ndipo mafomu amatsegulidwa mu Ogasiti n'kutsekedwa m'nyengo imene kuno kutentha kumapyola madigiri 40. Munthu wosweka mtima, wokhalanso kumene netiweki imavuta, akhoza kugwa mphwayi msanga ngati palibe womugwira dzanja.

Chimene ndikuyamikira koposa ndi chisamaliro cha mayi amene ndi eni malowa. Ndinafika ndi envelopu imodzi mmene munasakanikirana satifiketi yanga ya MSCE, digiri, pasipoti ndi kalata ya imfa ya bambo, pakuti ndinkayendetsanso nkhani ya ndalama zimene malemuwo anasiya kuntchito. Mayiwo ataona kalatayo anaimika kaye makina n'kunena kuti, "Aphunzitsi, pepani ndi zovutazi. Khalani pansi muyambe mwamwa madzi, mapepalawa tiwalongosola bwinobwino." Kenaka anapatula zikalata za maliro pazokha ndi za sukulu pazokha, n'kuziika m'mapulasitiki awiri kuti thukuta la m'manja lisazidetse. Ndi iwowo amene anazindikira kuti dzina la bambo linalembedwa mosiyana pa satifiketi ndi pa pasipoti, chilembo chimodzi chokha, ndipo anandilangiza kukalumbira kwa woweruza milandu kuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi. Kalata yolumbirayo inadzandithandiza pamene yunivesite inafunsa za kusiyanako.

Ndinakondanso kukhwimitsa kwawo pa nkhani zimene wofunsira amalemba zokhudza utsogoleri, maubale a pantchito, chifukwa chosankhira maphunzirowo ndi zimene adzachite akadzabwerera. Mayiwa salembera munthu, ngakhale atawalonjeza ndalama. Ine ndinkafuna kudzaza masamba ndi chisoni changa, koma iwo atawerenga anandifunsa funso limodzi, lakuti kodi ana a sukulu imene ndimaphunzitsa, amene makalasi awo amasanduka misasa ya anthu othawa madzi osefukira, adzapindula chiyani ndi ulendo wangawu. Funso limeneli linasintha zonse zimene ndinalemba, ndipo imfa ya bambo inangotsala m'mizere iwiri, pamalo ake oyenera.

Mitengo ndi yabwino, yosafika ngakhale pa ndalama ya minibasi yopita ku Blantyre ndi kubwerako. Magetsi akazima amayatsa jenereta, chinthu chimene amati anachiphunzira namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, koma jeneretayo imakoka kompyuta imodzi ndi makina osindikizira basi, kotero mzere umatalika. Intaneti yawo imayenda bwino m'mawa, masana imachedwa.

Cholakwika chachikulu n'chakuti malowa sasunga bwino chinsinsi cha makasitomala. Nditabwererako kudzasindikiza kalata yondiitana kukafunsidwa mafunso ku Lilongwe, ndinapeza chithunzi cha kalata ya imfa ya bambo chidakali poyera pa kompyuta imene aliyense amagwiritsa ntchito, pambali pa mapasipoti a anthu ena. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa pepala limenelo lili ndi dzina la matenda amene banja lathu silinafune kuti lidziwike ndi aliyense. Mayiwo anapepesa n'kufufuta pomwepo, komabe mnyamata wowathandiza akufunika kuphunzitsidwa kufufuta zikalata za kasitomala aliyense asanachoke.

Pano ndili ku Britain, ndipo mchemwali wanga amapitabe komweko kukasindikiza makalata a fizi ya azing'ono athu, imene ndimalipira podzimana pa ndalama zodyera, pakuti thandizoli linawerengeredwa munthu mmodzi, osati banja lotsala kumudzi. Amene mukufuna kufunsira chaka chino, pitaniko m'mawa dzuwa lisanakwere, mutenge flash yanuyanu, ndipo musanyamuke musanaone ndi maso anu kuti zikalata zanu zafufutidwa pa kompyutapo.