Foni ya ng'ombe ziwiri: zimene ndaona patatha miyezi isanu ndi iwiri

Ndimachita geni ya ng'ombe ndi mbuzi. Ndimagula ku Ngabu, ku Bangula, nthawi zina kutsidya kwa Shire, n'kumatumiza kwa eni mabutchala ku Blantyre. Malonda anga ambiri amathera pa WhatsApp: ndijambule nkhuzi, nditumize, tigwirizane mtengo, ndalama ibwere pa Airtel Money kapena Mpamba. N'chifukwa chake foni yanga yakale itayamba kutopa ndinalimba mtima n'kugula imodzi mwa mafoni apamwamba amene angotuluka kumene. Dzina lake ndilisiya, poti zimene ndinene zikukhudzanso anzake a mtengo womwewo.

Mafoni amenewa ku America amayambira pafupifupi madola 1,000, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imeneyi kuno ndi yolemera. Ine zinanditengera ng'ombe ziwiri zonenepa. Mayi akunyumba anangoti, "Bambo, m'khola mwatuluka ziwiri, mwalowa chiyani?" Yankho ndinalibe tsiku limenelo. Nditatsegula bokosi ndinapeza mulibe mutu wa chaja, muli chingwe chokha, ndiye ndinapisanso m'thumba.

Kamera yokha ndiivulire chipewa. Tsiku lina ku Ngabu kunali nkhuzi yolusa imene sinkalola munthu kuyandikira. Ndinaima kunja kwa khola, n'kuikoka ndi kamera, ndipo chithunzi chinaonetsa linunda, nthiti, ngakhale nkhupakupa zimene zinali kukhutu. Bwana wina wa ku Limbe amene amakonda kunenerera ananditumizira uthenga wakuti, "Achimwene, iyi ndaiona ndi maso, ikwezeni." Kale ankafuna atumize kaye mnyamata kudzaona. Madzulo nawonso imajambula bwino, pamene ng'ombe zikukwera lole kuli chisisira, ndipo ndimakhala ndi umboni wa chiweto chilichonse chimene chanyamuka. Pamenepa ndalama yanga ndikuiona.

Madzi sichita nawo mantha. Powoloka kupita ku Makhanga inapulumuka m'thumba n'kugwera m'madzi a pansi pa bwato, ndipo ndinaizindikira titatsala pang'ono kufika. Ndinaipukuta ndi malaya, ikuyaka bwinobwino. Ili ndi chizindikiro cha IP68, kutanthauza kuti fumbi sililowa ndipo imapirira kumira kwa kanthawi. Amene tinaona madzi a Freddy mu Malichi 2023 tikudziwa kuti zimenezi si zachabe.

Koma dzuwa la kuchigwa kuno ndi limene laigonjetsa, ndipo apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Opanga mafoni amalemba okha kuti foni imagwira bwino ntchito pa kutentha kosapitirira madigiri 35. Kwathu kuno mu Okutobala ndi Novembala timafika 40 n'kupitirira. Ndikaima pamsika masana n'kuyamba kujambula vidiyo, sipatenga nthawi galasi limayamba kuchita mdima, kumbuyo kwake kumatentha ngati chiwaya, kenako imalemba kuti idikire izizire kaye. Wogula ali pa mzere kudikira vidiyo, ine ndili pansi pa mtengo wa nimu kuipepesa foni. Kutchaja nakonso imachedwa ikatentha, ndiye magetsi akabwera masana sindipindula nawo mokwanira. Ndaphunzira kujambula m'mamawa dzuwa lisanakwere, ndi kusaisiya pa mpando wa galimoto. Foni yanga yakale inkatenthanso, koma ija sindinagulitsire ng'ombe.

Za 5G zimene amatamanda pa bokosi, kuno sindinazionepo pa galasi langa. Ukangochoka pamsewu wa M1 kulowa kumidzi, netiweki ikafooka imafookera tonse, wa foni yodula ndi wa kabatani. Chinanso, zithunzi zake ndi zolemera, ukazitumiza zonse mmene zilili bandulo imatha ngati mchere m'madzi.

Mwezi wachinayi inagwa ndili pa kabaza, galasi n'kung'aluka pakona. Anyamata okonza mafoni ku Nchalo anaiyang'ana n'kundibwezera mwaulemu, ati galasi la mtundu umenewu sasunga. Ndinakwera nayo mapiri a Thabwa mpaka ku Blantyre, ndipo mtengo umene ananditchulira unali wokwana kugula foni ina yatsopano yapakatikati. Mpaka lero ndikuyenda nayo ndi mng'alu wakewo.

Chimene chimanditonthoza n'chakuti makampani ena, monga Google kuyambira 2023 ndi Samsung kuyambira 2024, analonjeza kuti mafoni awo apamwamba azilandira mapulogalamu atsopano kwa zaka 7. Foni ikakhaladi zaka zimenezo, mtengo wake umagawika. Koma batire limafooka msanga ndi kutentha, ndipo sindikhulupirira kuti langa lidzaona Okutobala kasanu ndi kawiri.

Kwa mphunzitsi, namwino kapena mlimi wa thonje amene akufuna WhatsApp, Facebook ndi kutumiza ndalama, ndikuti musavutike, gulani yapakatikati ya batire lalikulu, yotsalayo mugulire sola. Kwa ife amene chithunzi chimatigulitsira katundu, kamera yabwino ndi yofunika, koma ndikanayambiranso ndikanatenga ya chaka chatha imene yatsika mtengo, ng'ombe imodzi n'kutsala m'khola. Pa nyenyezi zisanu ndikuipatsa zitatu.