2.4 GHz kapena 5.8 GHz: kuno ku Mulanje tigule iti?

Anzanga okhala ndi chiphaso cha MACRA, amene timalankhulana pa wailesi pogwiritsa ntchito mayina oitanira oyamba ndi 7Q, nkhani ya AREDN, netiweki ya pa wailesi yothandiza pa nthawi ya ngozi, mwaimva. Mumatenga chida wamba cha Wi-Fi, n'kuchotsamo pulogalamu yake, n'kuikamo ya AREDN, basi zidazo zimapezana zokha n'kumapatsirana mauthenga, zithunzi ndi mawu popanda intaneti. Amene tinaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 sitifunikanso kuuzidwa phindu lake.

Zidazi timasankha malinga ndi bandi, kutanthauza gawo la mafunde a wailesi lomwe zimagwiritsa ntchito: 2.4 GHz imakopa chifukwa siimva msanga masamba a mitengo, ndipo AREDN ili ndi tchanelo cha 2397 MHz, kunsi kwa phokoso la Wi-Fi ya m'nyumba yoyambira pa 2412 MHz. Koma imafuna njira yotakasuka. Mafunde sayenda ngati chingwe chowongoka, amatupa pakati. Pa mtunda wa makilomita 10, pakatikati pa ulendo pamafunika mpata wa mamita pafupifupi 18 kuzungulira mzere wowonekera, pomwe 5.8 GHz imafuna 11 okha. Minda ya tiyi ilibe vuto, tiyi ndi wamfupi. Mdani wathu ndi mizere ya bulugama ya m'maesiteti, ndi zitunda za ku Thyolo zomwe zimabisa mnzako amene pamapu akuoneka ngati ali pakhomo.

N'chifukwa chake ine ndimakokera ku 5.8 GHz. Mbale yaing'ono yoponyera mafunde imaponya patali, matchanelo ndi ambiri, ndipo chiperoni sichiisokoneza kwenikweni. Kuipa kwake, mtengo umodzi wonyowa ukaima panjira, zatha.

Nanga kampani? Ubiquiti NanoStation M5 ndi kabokosi kosalala ka 16 dBi (muyeso wa mmene chida chimalunjikitsira mafunde mbali imodzi), kamamwaza mafunde motambalala, moti ngakhale mutaloza mongoyerekeza kamagwirabe. N'koyenera kulumikiza Chitakale ndi boma, kapena anthu angapo oyandikana. MikroTik LHG 5 ndi mbale yamauna ya 24.5 dBi: imafika kutali, mphepo imangodutsa m'maunamo, koma kuiloza kwake n'kwa munthu wodekha, wina pamwamba pa mlongoti, wina pansi akuwerenga manambala pa laputopu. Kuikamo AREDN kulinso ndi chintchito kuposa Ubiquiti. Pofuna kuwoloka chigwa kuchokera m'mphepete mwa phiri kupita cha ku Luchenza, ndingatenge imeneyi osaganiza kawiri.

Zonse ziwiri zimadya moto wochepa kudzera pa waya wa netiweki womwewo, choncho sola ndi batire zimakwana. Musaumire pa waya: gulani wapanja wokhala ndi chotchinga, ndipo mlongoti muulumikize kunthaka, poti ziphaliwali za kuno sizisankha kampani.

Wina anganene kuti tingokweza chida pa Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje ya mamita 3,002, tione dziko lonse. Adzakwera ndani kukasintha batire? Chitunda chofikika pa njinga yamoto n'chabwino kuposa nsonga.

Musanagule, onani mabandi amene chiphaso chanu chikulola. Kumbukiraninso kuti pa mafunde amenewa sitibisa mauthenga ndipo sitichitirapo malonda; wofuna kugulitsa intaneti kwa aneba akafunse chiphaso china.