Webusaiti yanuyanu kapena msika wa eni: mphunzitsi wa pa intaneti agwire chiti?

Nditayamba kuphunzitsa pa intaneti ndinathamangira kumanga webusaiti. Ndinkachezera usiku kusankha mitundu, ndinajambulitsa chithunzi nditavala jekete, mbiri yanga ndinailemba mpaka ndime zisanu. Itatha ndinakhala pansi kudikira ophunzira. Mwezi unatha kuli zii. Uthenga woyamba kulowa unali wa munthu wofuna kundigulitsa njira yoti webusaitiyo idziwike.

N'chifukwa chake aphunzitsi anzanga mukamafunsana ngati webusaiti ili yofunika, ine ndimayamba ndafunsa kuti ophunzira amene muli nawo panopa anakupezani bwanji. Nkhani yonse yagona pamenepo.

Pa misika ya eni, kutanthauza mawebusaiti a makampani okumanitsa aphunzitsi ndi ophunzira monga Preply, italki ndi Udemy, anthu alipo kale, ndalama zili m'manja, akusakasaka mphunzitsi. Inu mumangolemba mbiri yanu, kuika kavidiyo kodzidziwitsa, n'kutsegula maola amene muli ndi mpata. Kulandira malipiro kuchokera kwa munthu wa ku Seoul kapena ku São Paulo, kumukumbutsa nthawi ya kalasi, kuweruza mkangano akajomba, zonsezo amakuchitirani. Koma lendi yake ndi yowawa. Preply, imene inayamba mu 2012, imatenga ndalama yonse ya kalasi yoyamba yoyeserera ndi wophunzira watsopano, kenako imadula 33 peresenti pa makalasi otsatira, n'kumatsika mpaka 18 mukaunjika maola ambiri. Ku Udemy, kumene mumagulitsa makosi ojambuliratu, munthu akaipeza yekha kosi yanu pamsikapo inu mumatsala ndi 37 peresenti, koma mukabwera naye nokha kudzera pa linki kapena kuponi yanu mumatenga 97. Manambala awiri a ku Udemywa ayang'aneni bwino. Akusonyeza poyera kuti chimene mukulipira si malo osungira mavidiyo ayi, ndi ntchito yokupezerani munthu.

Chimene chimandivuta ine kuposa komishoni n'chakuti wophunzirayo si wanu. Malamulo a misika yambiri amaletsa kumukokera kunja, ndipo mukagwidwa akaunti ikhoza kutsekedwa. Nyenyezi ndi ndemanga zimene mwakhetsera thukuta zaka zitatu simungazinyamule posamuka. Ndipo msika umatha kugwa inu osalakwa kanthu. Mu Julayi 2021 boma la China linakhwimitsa malamulo a maphunziro apadera, mpaka makampani ngati VIPKid anasiya kugulitsa makalasi a aphunzitsi okhala kunja kwa ana a m'dzikolo. Aphunzitsi ambirimbiri anadzuka kalendala ili mbee, opanda ngakhale imelo ya kholo limodzi. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Ena amati bwanji osangodalira Facebook, YouTube, TikTok ndi WhatsApp, popeza n'zaulere. Pokopa anthu n'zabwinodi, chifukwa kavidiyo ka mphindi imodzi kamaonetsa kaphunzitsidwe kanu kuposa satifiketi iliyonse. Komabe nakonso muli pakhomo pa eni. Amene amasankha oona zimene mwaika si inu, ndipo pa 4 Okutobala 2021 Facebook, Instagram ndi WhatsApp zinazima limodzi pafupifupi maola 6. Ngakhale Skype, pulogalamu yoimbirana pa vidiyo imene ambirife tinayambira, Microsoft inaitseka mu Meyi 2025.

Nanga webusaiti imagwira ntchito yanji? Taganizani za mayi amene wamva dzina lanu kwa mnzake. Ana agona, watenga foni, walemba dzinalo pa Google. Akapeza tsamba loti mumaphunzitsa masamu kwa ana a msinkhu wakuti, kalasi ndi ya mphindi 50, mtengo ndi uwu, masiku otsala ndi awa, amadina n'kusungitsa malo usiku womwewo. Akapanda kulipeza mumayamba kutumizirana mauthenga: moni, mumaphunzitsa chiyani, ndi zingati, Lachiwiri muli ndi mpata? Pofika Lachinayi mtima wazizira. Akakupezani pa msika wa eni, pambali pa chithunzi chanu pamakhala aphunzitsi ena khumi otchipa kuposa inu, ndipo mayi amene anabwera chifukwa cha inuyo amayamba kuyerekeza mitengo. Ntchito ya webusaiti ndi imeneyo, kugwira munthu amene wabwera kale. Kukamutenga kumene ali, siitha. Kuti Google ikuikeni pamwamba munthu akalemba kuti akufuna mphunzitsi wa Chingerezi, muyenera kulimbana ndi makampani omwe aja, amene ali ndi magulu a antchito ongoona zimenezo.

Webusaiti ilinso ndi mtolo wake. Dzina la webusaiti mumalilipira chaka ndi chaka, ndipo mukaiwala limatha kugwera m'manja mwa wina. Pa zida zomangira webusaiti, WordPress imakupatsani ufulu wonse koma imafuna kuisamalira, apo ayi tsiku lina mupeza tsamba lasokonekera kalasi ili pafupi kuyamba. Wix ndi Squarespace n'zosavuta, koma kuti webusaiti ikhale ndi dzina lanulanu mumalipira nthawi zonse. Google Sites ndi yaulere, yosakongola kwenikweni, koma ntchito imagwira. Pa kusungitsa malo Calendly imakwana. Chimene ambiri amachiiwala, nanenso ndinachiiwala, ndi njira yolandirira ndalama: Stripe sipezeka m'mayiko onse, ndipo PayPal m'mayiko ena imalola kutumiza kokha, osati kulandira. Fufuzani zimenezi musanasankhe mtundu wa zilembo. Ngati palibe njira yodalirika, komishoni ya msika ija imayamba kuoneka yachilungamo.

Tsono kwa amene akungoyamba, wopanda wophunzira ngakhale mmodzi, ndinganene mosazungulira kuti webusaiti idikire. Lowani pa msika, lolani akuduleni, phunzirani kumeneko zimene anthu amafunsa ndi mtengo umene amavomera. Koma mukaona kuti anthu ayamba kubwera chifukwa chouzidwa ndi anzawo, kupitiriza kuwalozera ku msika ndi kupereka gawo la thukuta lanu pa ntchito imene mwagwira nokha. Pamenepo tsamba limodzi ndi lokwanira, bola likhale ndi malo oti munthu asiye imelo yake mwakufuna kwake, chifukwa mndandanda umenewo ndi umene mungasamuke nawo kulikonse. Amene akugulitsa makosi ojambuliratu ndi amene amafunika zambiri, ndipo Teachable kapena Thinkific zinapangidwira iwowo.

Yanga ija ndinaigwetsa. Pano ndi tsamba limodzi: ziganizo zinayi, mtengo, kavidiyo kamene ndikufotokoza phunziro lenileni, ndi batani losungitsira malo. Pa msika sindinachokepo, ndinangochepetsa maola. Chithunzi cha jekete chija ndinachichotsa wophunzira wina atandiuza kuti poyamba ankandiyesa loya.