Maejenti ogulitsa ndi kuyang'anira mafulati ku Joni: ntchito yawo tikuiona bwanji kuno ku Mzuzu

Kuno kumpoto n'kovuta kupeza banja lopanda m'bale ku Joni, choncho malonda a maejenti a nyumba a ku Johannesburg amatipeza msanga pa WhatsApp. Lonjezo lawo ndi lakuti mugule fulati ku Randburg, Midrand kapena Kempton Park, iwo akupezereni wochita lendi, azitolera ndalama mwezi ndi mwezi, inu muli phee ku Katoto. Ntchitoyi ndi yeniyeni. Lamulo la South Africa limalola mlendo kugula nyumba m'dzina lake, ngakhale kuti kugulako sikupatsa munthu chilolezo chokhala m'dzikomo.

Pamene maejenti abwino amagwira ntchito yotamandika ndi posankha wolowa m'nyumba. Amafufuza mbiri yake ya ngongole, amaona masilipi a malipiro, amajambula chipinda chilichonse asanapereke makiyi, ndipo dipoziti amaisunga mu akaunti yobala chiwongoladzanja monga lamulo limanenera. Ena amati bola kusiyira mlamu wawo wa ku Joni kuti apulumutse komishoni. Ife sitikuvomereza. Wochita lendi akasiya kulipira, kumeneko simungazule chitseko kapena kudula magetsi kuti atuluke. Lamulo la PIE la mu 1998, loletsa kutulutsa munthu m'nyumba mwachisawawa, limafuna chigamulo cha khoti, ndipo mlandu umatha miyezi, loya akudya ndalama, lendi isakulowa. Wosankha bwino munthu pakhomo wakupulumutsani ku zonsezi.

Chotikhumudwitsa ndi masamu a pa zotsatsa zawo. Tiyerekeze fulati ya chipinda chimodzi ya R700,000, lendi yake R6,500 pamwezi. Ejenti achulukitsa ndi 12 n'kukuuzani kuti phindu ndi 11 peresenti. Tsono chotsani. Komishoni ya 10 peresenti ndi VAT yake ya 15 peresenti ndi pafupifupi R750. Fulati yotere imakhala ya sectional title, kutanthauza kuti chanu ndi cham'kati mokha, pomwe denga, masitepe, geti ndi alonda ndi za eni mdadada wonse pansi pa bungwe lawo lotchedwa body corporate. Aliyense amasonkha levy mwezi ndi mwezi, tiike R1,500. Khonsolo ya mzinda nayo ifuna msonkho wake, tiike R450. Ziwirizi mumalipira ngakhale nyumba ili yopanda munthu. Mwezi umodzi pachaka ikhale yopanda munthu, kuonjezera apo giza liphulike kapena mpopi udonthe, R4,000 yapita. Chotsala ndi pafupifupi R36,000 pachaka, 5 peresenti basi, msonkho wa SARS, bungwe lotolera misonkho ku South Africa, usanachotsedwe, poti mlendo nayenso amayenera kulembetsa ndi kulipira msonkho pa lendi. Amene anamanga zipinda za ophunzira ku Luwinga ayerekeze yekha ndi zomwe amapeza.

Musanasaine, ejenti akupatseni mapepala atatu: chiphaso chake cha Fidelity Fund chomwe sichinathe ntchito, chochokera ku PPRA (bungwe loyang'anira maejenti a nyumba), malipoti a chuma a body corporate owunikidwa ndi oditala, ndi maminitsi a msonkhano wapachaka wa eni nyumba. M'mapepala awiri omalizawo ndi momwe muli choonadi. Onani kuti eni angati sakulipira levy, thumba lokonzetsera zinthu lili ndi zingati, ndiponso ngati mdadada uli ndi ngongole ya madzi kukhonsolo. Mdadada wa ngongole umadzidzimutsa ndi special levy, ndalama yoonjezera yokonzera chikepe kapena denga, ndipo singakanidwe. N'chifukwa chake mafulati ena a ku Hillbrow ndi Berea amatchipa modabwitsa. Kutsika mtengoko kuli ndi mwini wake. Ejenti wozengereza ndi mapepalawa musiyeni pomwepo.

Ndalama yogulira isalowe mu akaunti ya ejenti kapena ya wogulitsa. Ipite ku trust account (akaunti yosungira ndalama za makasitomala) ya loya wosamutsa umwini, amene kumeneko amati conveyancer, ndipo nambala ya akauntiyo muitsimikize pomuimbira foni, chifukwa mbava zimasintha manambala mu imelo. Ndalama za loyayu amalipira ndi wogula. Ngati mukufuna ngongole, mabanki akumeneko sabwereketsa munthu wokhala kunja kuposa theka la mtengo wa nyumba.

Mbali imene maejentiwa saidziwa n'komwe ndi ya kwathu kuno. Kutulutsa ndalama m'Malawi kukagula katundu kunja kumadzera ku banki yanu ndi chilolezo cha Reserve Bank of Malawi, ndipo ndalama zakunja zikusowa. Kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Apa ena amakopeka kutumiza marandi kudzera kwa matransipota a mabasi. Kumeneko n'kuphwanya lamulo, komanso n'kudzitchera msampha: tsiku logulitsa fulatiyo, banki ya ku South Africa idzafuna umboni woti ndalama zinalowa mwanjira yake isanakulolezeni kuzitulutsa. Ndipo mukadzagulitsa pamtengo wopitirira R2 miliyoni, 7.5 peresenti imayamba yagwidwa kupita ku SARS.

Ntchito ya maejentiwa ikumuyenera munthu amene amalandira kale marandi kapena madola, amene angakwere basi kukaona mdadadawo ndi maso masana ndi usiku, komanso wosunga ndalama za levy za miyezi 6 pambali. Wodalira makwacha a malipiro ayambe wafunsa ku banki yake kuno ku Mzuzu ngati chilolezo chingatuluke, asanalipire dipoziti iliyonse.