Class 47 ya injini ya Sulzer kapena Class 57 yosinthidwa injini: muyambe kusaka iti?

Anzathu okhala ku Britain amene mwayamba kukonda mitu ya sitima ya dizilo yakale, ndalama ya tikiti ndi yochepa, ndiye muyenera kusankha woyamba kukauona ndi kukaumva: mutu umene ukadali ndi injini ya mtundu wake woyamba, kapena umene anauchotsa injini n'kuikamo ina. Class 47 ndi Class 57 mukaziona patali mungati n'chinthu chimodzi, koma zikangolira khutu limadziwa.

Mitu ya Class 47 inapangidwa 512 pakati pa 1962 ndi 1968, ina ku kampani ya Brush Traction ku Loughborough, ina ku fakitale ya sitima ya ku Crewe. Injini yake ndi Sulzer 12LDA28C ya masilinda 12, oikidwa m'mizere iwiri yoimirira. Poyamba inkatulutsa mahosipawa 2,750, koma zitsulo zitayamba kung'aluka anaichepetsa mphamvu kufika pa 2,580. Imalira mogunda, mozama, mosapupuluma. Vuto lake ndi masipeya: injini zimenezi zinaleka kupangidwa kalekale, ndipo eni ake ambiri amadalira kugwetsa mutu wina kuti wina uyende.

Class 57 inabadwa chifukwa cha vuto lomwelo. Kuyambira 1998 mpaka 2004, Brush inatenga mitu 33 ya Class 47, n'kuchotsamo Sulzer, n'kuikamo injini za ku America za EMD 645 zokonzedwanso. Zili ngati Hiace yakale imene mwini wake waigulira injini ina koma bodi ndi yomwe ija. Mitu 12 yoyamba inapita ku Freightliner kukakoka katundu, 16 ku Virgin Trains kuti izikoka sitima zamagetsi za Pendolino zikafa panjira, ndipo inayi, 57602 mpaka 57605, ndi imene yakhala ikukoka Night Riviera, sitima yausiku yochoka ku London Paddington kupita ku Penzance. EMD imazungulira mothamanga kuposa Sulzer ndipo kulira kwake n'kosalala, kokhala ngati kung'ung'udza. Masipeya ake savuta, poti injini za 645 zili m'mayiko ambiri.

Pakusaka ndiye pamene ziwirizi zimasiyana kwambiri. Mutu umodzi ukhoza kukhala ndi manambala atatu kapena kuposa pa moyo wake. Wa 57001 unali 47356, ndipo manambala a TOPS (kaundula wa pa kompyuta wa sitima za ku Britain) asanabwere m'ma 1970 unali D1875. Mukamafufuza nambala yakale n'kupeza kuti yasowa m'kaundula, musafulumire kunena kuti mutuwo anauphwanya. Yambani mwaona ngati sunalowe m'gulu la 33 lija. Class 57 imapezeka mosavuta chifukwa imayenda pa njanji zikuluzikulu, ndipo webusaiti ya Realtime Trains imakuonetsani nthawi imene sitima idutse pa siteshoni yanu. Class 47 yosungidwa imafuna kuleza mtima. Woyamba wa mitu yonseyo, D1500 kapena kuti 47401, umasungidwa ku Midland Railway ku Butterley, koma njanji zosungirako zakale siziyendetsa dizilo tsiku lililonse, ndipo mutu ukhoza kukhala m'shedi miyezi ukudikira makaniko ongodzipereka. Funsani kaye musananyamuke. Kampani ya West Coast Railways ya ku Carnforth ili ndi mitundu yonse iwiri, choncho pa maulendo ake apadera nthawi zina mumaimva yonse tsiku limodzi.

Ine ndimati yambani ndi Sulzer, ndipo musazengereze. Sindinyoza Class 57 ayi. Pakanapanda kusintha injini, yambiri mwa mitu 33 ija bwenzi ili zitsulo zosungunula, ndipo kampani yonyamula katundu ya GB Railfreight yatsata njira yomweyo posandutsa Class 56 kukhala Class 69 ya injini ya EMD 710 kuyambira 2021. Koma EMD mudzaimvabe zaka zikubwerazi, pamene Sulzer iliyonse ikaphwanya chitsulo chachikulu palibe sitolo yokagulako china. Njanji zosungirako zakale za Severn Valley Railway ndi East Lancashire Railway zimakhala ndi masiku a chionetsero cha dizilo chaka ndi chaka. Onani mndandanda wa mitu yoitanidwa, ndipo mukakwera khalani m'bogi yoyandikana ndi mutu, pafupi ndi windo lotsegula.