Matayala a Panaracer GravelKing SK m'njira zafumbi zopanda magalimoto

Anthu ambiri amene akufuna kuyamba kupalasa njinga m'njira zafumbi ndi miyala, zija zodutsa m'minda, m'nkhalango ndi m'mphepete mwa mitsinje kumene magalimoto safika, amataya nthawi yaitali akuyerekeza mafulemu ndi magiya, koma za matayala amaziganizira pomaliza. Ine ndimaona kuti nkhani iyenera kuyambira pa matayalawo, chifukwa ndi okhawo amene amagunda pansi, ndipo m'njira yosasalala ndi amene amachititsa kuti munthu afike kumene akupita thupi lili bwino kapena manja atachita dzanzi. Matayala amene ndakhala ndikuyendera m'njira zoterezi ndi GravelKing SK a mamilimita 43 m'lifupi, ndipo ndikuwayamikira kwambiri, ngakhale kuti pali malo ena amene sindingauze munthu kuti apite nawo.

Amene amawapanga ndi kampani ya ku Japan yotchedwa Panaracer, imene inatulutsa matayala a GravelKing mu 2014, pa nthawi imene kupalasa njinga m'misewu yafumbi kunali kutangoyamba kutchuka. Mpikisano wa njinga m'misewu yafumbi umene lero umatchedwa Unbound Gravel unali utayamba kale mu 2006 ku Emporia m'dera la Kansas ku America, koma UCI, bungwe loyang'anira masewera a njinga, linadzachititsa mpikisano woyamba wa padziko lonse lapansi wa masewerawa mu 2022 ku Veneto m'dziko la Italy. Mukaliyang'anitsitsa tayalali pafupi, muona kuti pakati pake pali mizere ya timano ting'onoting'ono tamakona anayi, tothithikana kwambiri moti chala chikamadutsa pamwamba pake sichikodwa, pomwe m'mbali muli mano otalikirapo amene amagwira pansi njinga ikapendekeka pokhota. Ubwino ndi kuipa konse kwa tayalali kwagona pa kuthithikana kwa timano ta pakatito.

Njira zambiri zopanda magalimoto n'zolimba pansi. Zina ndi njanji zakale zimene anazula zitsulo n'kuthirapo miyala yoswa n'kuitsendera, monga Vías Verdes za ku Spain zimene ntchito yake inayamba mu 1993, Katy Trail ya ku Missouri ku America yotalika makilomita oposa 380, kapena Otago Central Rail Trail ya ku New Zealand imene inatsegulidwa mu 2000. Poti sitima sikwera chitunda chachikulu, njira zoterezi zimakwera ndi kutsika pang'onopang'ono, ndipo munthu amatha kupalasa maola ambiri pa liwiro limodzi. Zina ndi njira za m'mphepete mwa ngalande, za m'nkhalango zodzala, kapena za mathirakitala pakati pa minda. Pa nthaka yolimba ndi youma chonchi, SK amayenda mopepuka modabwitsa, chifukwa timano tija timagwirizana n'kukhala ngati mpira umodzi wosalala, koma mukaponda buleki kapena kukankha pedulo mwamphamvu pa chitunda, timaluma pansi mokwanira kuti tayala lakumbuyo lisatsetsereke. Komanso n'kovuta kulumikiza njira ziwiri zafumbi popanda kudutsa kachigawo ka msewu wa phula, ndipo pa phulapo matayalawa sakukokerani m'mbuyo ngati mmene amachitira a njinga za m'mapiri.

Chinthu china chimene sichitchulidwa kawirikawiri ndi phokoso. Munthu amasankha njira yopanda magalimoto chifukwa akufuna bata, kuti azimva mbalame, madzi a mumtsinje, ndiponso mnzake amene akupalasa naye pambali popanda kukuwirana. Tayala la mano akuluakulu limalira kwambiri pa nthaka yolimba mpaka bata lija limatha. Awa amangomveka kachiphokoso kotsika ka timiyala tikuphwanyika pansi pake, ndipo kwa ine chimenechi chokha n'chifukwa chokwanira chowasankhira.

Koma zabwino zonsezi zimaoneka pokhapokha mpweya ukakhala wochepa, ndipo apa m'pamene anthu ozolowera njinga za pa phula amalisokoneza tayalali. Iwo anazolowera kupopa tayala la mamilimita 25 kapena 28 mpaka kupitirira 70 psi (psi ndi muyezo wa mphamvu ya mpweya m'tayala), ndiye amaganiza kuti tayala lolimba gwa ndi limene limathamanga. Pa msewu wosalala zimenezo zili ndi choonadi chake, koma pa miyala tayala lolimba limadumpha pa kamwala kalikonse, ndipo kudumpha kulikonse kumanyamula njinga pamodzi ndi munthu, kotero mphamvu imene ikanapita kutsogolo imathera m'kugwedeza thupi. Tayala lofewa limabwafuka pang'ono pa kamwalako n'kupitirira osanyamuka. Kwa munthu wolemera makilogalamu pakati pa 70 ndi 80, malo abwino oyambira ndi pafupifupi 30 psi kutsogolo ndi 33 kumbuyo, kumene pa muyezo wina wotchedwa bar ndi kupitirira pang'ono 2, kenako n'kumachepetsa pang'onopang'ono mpaka atamva kuti tayala layamba kupindika pokhota, n'kubwezerapo pang'ono. Lakumbuyo limafuna wochulukirapo chifukwa ndi limene limasenza gawo lalikulu la kulemera kwa munthu, makamaka ngati pali chikwama pansi pa chishalo. Ndikulimbikitsa kuti aliyense wogula matayalawa aguliretu kachipangizo koyezera mpweya, pakuti kufinya tayala ndi chala sikungasiyanitse 30 ndi 36, pomwe pa mabampu a msewu wafumbi kusiyana kumeneku manja amakumva. SK akapopedwa moyenera amafewetsa njira mwa mtundu umene sungapezeke posintha chishalo kapena chogwirira, chifukwa m'mbali mwake ndi mopyapyala ndipo mumapindika mosavuta.

Mpweya wochepa umafuna kuti muyende opanda chubu, mwa njira ya tubeless. Chubu chikakhala m'kati, tayala likagunda mwala mwamphamvu chimapanikizika pakati pa mwalawo ndi limu n'kubowoka timabowo tiwiri toyandikana ngati polumidwa ndi njoka. Popanda chubu vuto limeneli limachepa kwambiri. Kuika tayalali kumafuna limu yopangidwira tubeless, tepi yomata bwino pa mabowo a masipoko, ndi madzi omata a latex amene amathiridwa m'kati. Kupaka madzi a sopo m'milomo ya tayala kumathandiza kuti likhazikike, ndipo mumadziwa kuti lakhala mukamva kuti pha! pha! pamene mlomo ukulowa m'malo mwake. Phindu la madzi omatawa limaoneka munga ukalowa: pamatuluka kadontho koyera, mpweya umalira kwa kanthawi, mukazunguza gudumu kuti bowolo likhale pansi limatsekeka, ndipo ulendo umapitirira. Madziwa amauma pakapita miyezi ingapo, msanga kwambiri nyengo yotentha, choncho amafunika kuwonjezera. Ngakhale zili choncho, musachoke popanda chubu chapadera, mpope ndi timapulagi totsekera mabowo akuluakulu, chifukwa njira yopanda magalimoto ndi njiranso yopanda wokunyamulani zinthu zikavuta.

Malire a matayalawa ndi matope. Timipata ta pakati pa timano tija n'tating'ono kwambiri moti dothi lonyowa likalowamo silituluka, ndipo m'mamita ochepa chabe tayala limasanduka losalala, lakumbuyo n'kumazungulira pamalo amodzi, lakutsogolo n'kumapita kumene likufuna. Sikuti analipanga molakwika ayi. Tayala lotaya matope limafuna mano otalikirana, ndipo mano otalikirana ndi amene amachedwetsa ndi kulira pa nthaka yolimba, kotero wopanga amayenera kusankha chimodzi. Amene njira zake zimakhala zonyowa miyezi yambiri afunefune tayala la mano otalikirana. Pa mchenga wakuya amamira ngati tayala lina lililonse la m'lifupi mwake chonchi, ndipo pa miyala yothiridwa kumene, yosatsendereka, muyenera kuchepetsa liwiro musanafike pokhota, chifukwa mano a m'mbali nawonso ndi aafupi ndithu ndipo sachenjeza nthawi yaitali asanatsetsereke.

Kupyapyala kwa m'mbali kumene kumabweretsa kufewa kuja kuli ndi mtengo wake m'madera a miyala yakuthwa, monga ya ku Flint Hills kumene mpikisano wa ku Kansas umadutsa, pakuti mwala wotero umacheka m'mbali mwa tayala, pamene madzi omata sangathe kutseka. Kwa oyenda m'malo otero pali mtundu wa SK+ umene uli ndi nsalu ina yotetezera, koma umalemererapo ndipo umalimba pang'ono. M'njira za njanji zakale ndi za m'minda ndimaona kuti wamba uja ndi wokwanira. Za kutha kwake, lakumbuyo limayamba kuphwa timano ta pakati lakutsogolo likadali ngati latsopano, makamaka kwa munthu woyenda kwambiri pa phula, ndipo nzeru yabwino n'kusamutsira lakutsogolo kumbuyo, latsopano n'kuliika kutsogolo, chifukwa tayala lakutsogolo likatsetsereka munthu amagwa.

Musanagule, yezani mpata wa pa foloko ndi wa pakati pa zitsulo zakumbuyo za fulemu, pafupi ndi pamene pamazungulira mapedulo. Nambala yolembedwa pa tayala si nthawi zonse imene mudzaipeze likakhala pa njinga, chifukwa limu yotakata m'kati imalitambasula n'kuwonjezera milimita imodzi kapena awiri. Pamafunika kutsala mpata wa mamilimita pafupifupi 5 mbali iliyonse kuti timiyala ndi dothi zizidutsa popanda kupala fulemu, ndipo ngati mpatawo sukukwana, ndi bwino kutenga SK a mamilimita 35 n'kuwonjezera mpweya pang'ono kusiyana n'kukakamiza aakulu m'fulemu yopapatiza.